Pedulo ya njinga yopanda mabuleki

Loweruka lapitali kunabwera bambo wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, pa shopu yanga, atatsogoza mnyamata wake wa zaka 16. Mwanayo wakhala akusiya anzake pa mipikisano ya pamsewu, ndiye wapeza mwayi wokayesa pa track, bwalo la njinga, la Hector Norris Park ku Johannesburg. Bamboyo anapisa dzanja m'jumbo n'kutulutsa mapedulo awiri ogula ku Mbare. "Achimwene, awawa sachita?" Anali abwinobwino ndithu, achitsulo, a mano ogwira nsapato. Koma ndinawauza kuti ayi.

Tikamati track sitikunena tinjira ta njinga ta m'mbali mwa misewu ya muno mu Harare. Tikunena bwalo lozungulira, lopendekeka m'makona, lotchedwa velodrome. La mipikisano ikuluikulu limatalika mamita 250, ndipo makona ake amapendekeka kupitirira madigiri 40. Njinga yake ilibe mabuleki, ili ndi giya imodzi, ndipo tayala lakumbuyo likamazungulira mapedulo nawo amazungulira, mufune musafune. Kupumitsa miyendo kulibe. Pofuna kuchepetsa liwiro mumalimbana ndi mapedulo pogwiritsa ntchito miyendo yomweyo. Ndiye taganizani phazi litapulumuka muli pa liwiro: pedulo ikubwera kudzakumenyani pa katumba, buleki yanu yatha theka, kumbuyo kuli anzanu omwenso alibe mabuleki. N'chifukwa chake pedulo yongopondapo ngati ya njinga yopitira kumsika ilibe malo pamenepa.

Kale phazi ankalimanga ndi kakhola kachitsulo ka kuzala ndi lamba wachikopa. Mu 1984 kampani ya ku France ya Look, yomwe inkapanga zomangira nsapato za masewera a pa chipale chofewa, inatulutsa pedulo yomwe imaluma kachipangizo komangidwa kunsi kwa nsapato, kotchedwa cleat. Katswiri wa njinga Bernard Hinault atapambana nayo mpikisano waukulu wa Tour de France mu 1985, anthu anaikhulupirira. Mukaponda imati "kha!", mukapotoza chidendene kunja imamasula.

Woyamba kumene ndimamuuza kuti agule ya mtundu umenewu, koma ya njinga zapamsewu, ya cleat ya mabawuti atatu: Shimano SPD-SL kapena Look Keo. Popondapo pake m'potakata ndipo imagwira zolimba. Ma cleat a makampani awiriwa amafanana pamaso koma salowerana, choncho musasakanize. Ya SPD ya mabawuti awiri, ya njinga za m'mapiri, inapangidwa kuti izimasula msanga m'matope, ndipo cleat yake ya SH56 imamasulanso ngakhale mukakokera chidendene m'mwamba chopendekeka. Imeneyo musayerekeze n'komwe.

Mtundu wa cleat si wokongoletsera. Umanena kuchuluka kwa mpata umene chidendene chimasewera phazi lisanatuluke. Kwa Shimano yachikasu ili ndi madigiri 6, yabuluu 2, yofiira ilibiretu. Kwa Look yofiira ndiye ya mpata waukulu, madigiri 9, yotuwa 4.5, yakuda ilibe. Mwaona msamphawo? Wina amamva mnzake akuti "gula yofiira" osafunsa kuti ya kampani iti. Anyamata amakonda yosasewera poti ndi imene amaona kwa akatswiri, koma ikangokhota pang'ono pomanga, bondo ndi limene limalipira. Yambani ndi yachikasu kapena yotuwa.

Apa ndiye ndimasiyana ndi malangizo a pamsewu. Kumeneko wophunzira amamuuza kuti afewetse sipuling'i ya pedulo kuti azitsitsa phazi msanga pa maloboti. Pa bwalo palibe loboti, palibe kombi yokudulirani kutsogolo. Kugwa utaima chifukwa phazi lakanirira n'kwa manyazi chabe, umadzuka n'kusasa fumbi. Choncho phunzirani kulowetsa ndi kutulutsa phazi kunyumba, mutatsamira khoma kapena pa kapinga, sipuling'i ili yofewa. Mukazolowera, imangeni ndi kabawuti ka kumbuyo kwa pedulo, mbali zonse mofanana, musanakwere bwalo. Malamba owonjezera amene mumaona kwa othamanga mtunda waufupi adikire kaye.

Za kaunjika sindiletsa, ndalama zikuvuta. Zungulitsani pedulo ndi chala, imveke yosalala, isamagwedere pa chitsulo chake. Koma cleat gulani yatsopano. Ndi yapulasitiki, imadyeka mukamayenda nayo pansi, ndipo yodyeka imapulumuka ngakhale sipuling'i mutaimanga motani. Pewaninso pedulo yonenepa kunsi: mukamayenda pang'onopang'ono pakona, ya kumanja imatha kukhula bwalo. Ndi chifukwa chomwecho njinga zambiri za pa bwalo zili ndi mikono ya mapedulo yaifupi, ya mamilimita 165.

Pomanga, pakani girisi pa mazinga, ndipo kumbukirani kuti pedulo ya kumanzere, yolembedwa L, imamangidwa chobwerera. Chaka chilichonse ndimalandira mikono ingapo yophedwa mazinga ndi munthu wa sipanala ya 15 ndi mphamvu zambiri.

Mnyamata uja tinamupezera ma SPD-SL ogwirapo kale ntchito ndi ma cleat achikasu atsopano. Aja a ku Mbare ndinawamanga pa njinga ya bambo ake, imene amapitira kuntchito ku Workington.