Zodontheza m'maso sizichiza kutupa kwa mtsempha wa diso

M'magulu a WhatsApp mumabwerabwera uthenga wakuti munthu akayamba kusaona mwadzidzidzi, diso lili loyera bwinobwino, ndiye kuti amulodza, ndipo mankhwala ake n'kudonthezera mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena zitsamba. Limeneli ndi bodza.

Chimodzi mwa zoyambitsa vutoli ndi optic neuritis, komwe ndi kutupa kwa mtsempha wa diso. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuwononga chokuta cha mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo. Mtsemphawu uli kuseri kwa diso, n'chifukwa chake kunja sikuoneka kanthu, ndipo chodontheza chilichonse sichifikako, koma chingathe kubweretsa zilonda. Kawirikawiri vutoli limagwira diso limodzi, lomwe limapweteka mukalitembenuza, ndipo chifunga cha m'maso chimakula m'masiku ochepa. Phimbani diso limodzi, yang'anani chinthu chofiira, kenako sinthani: lodwalalo limachiona chosuluka.

Kuchipatala amapereka mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa methylprednisolone kudzera m'dripi, 1 g patsiku kwa masiku 3 mpaka 5, ndipo amayezanso chindoko, TB ndi HIV, poti nazonso zimawononga mtsemphawu. Mtundu wina wa kutupaku, wotchedwa NMO, ukachedwa kuchizidwa ungathe kusiya khungu losatha.

Uthenga wolonjeza kuchira pompopompo uonetseni kaye kwa dokotala wa maso. Ngati ukuletsa anthu kupita kuchipatala, chonde musautumize kwa ena.