Fayilo ikakana kukwera pa seva, yambani mwawerenga nambala

Achinyamata ambiri olemba mawebusayiti ndi chiyankhulo cha pakompyuta cha PHP kuno ku Lusaka amabwera ndi dandaulo limodzimodzi. Pa laputopu yawo fomu imalandira mafayilo bwinobwino, koma akangoiika pa seva yakutali, mayi wa ku Matero akatumiza chithunzi cha NRC yake, palibe chimene chimafika. Chala chimalozedwa pa netiweki, chonsecho nthawi zambiri netiwekiyo ilibe mlandu.

Onani kaye fomuyo. Iyenera kutumiza ndi POST komanso kukhala ndi enctype="multipart/form-data", apo ayi chimafika ndi dzina la fayilo lokha.

Kenako onetsani zomwe zili mu $_FILES, momwe PHP imaikamo zokhudza fayilo yotumizidwa, muwerenge nambala imene ili pa error. PHP imanena yokha chimene chavuta, kungoti ambiri sitiifunsa. 0 ndiye kuti fayilo yafika. 3 ndiye kuti yadukira panjira, ndipo apa pokha mpamene mungadandaule za bandulo kapena kuzima kwa magetsi. 7 ndiye kuti seva yalephera kulemba pa disiki.

Imene imavutitsa anthu kwambiri ndi 1, yomwe imatanthauza kuti fayilo yakula kuposa malire ololedwa. Ngati simunasinthe chilichonse, upload_max_filesize imangolola 2MB, pamene zithunzi za mafoni amakono nthawi zambiri zimaposa pamenepo. Ikwezeni mu php.ini, fayilo ya makonzedwe a PHP, koma mukweze ndi post_max_size yomwe, malire a zonse zotumizidwa pa fomu, imene imayambira pa 8MB ndipo iyenera kuposa inzakeyo. Samalani apa: zotumizidwa zikapitirira post_max_size, $_FILES imabwera yopanda kanthu, ngakhale nambala ya vuto simuiona. Ngati seva yanu ili ndi pulogalamu ya Nginx, nayonso ili ndi malire ake a 1MB pa client_max_body_size, ndipo imabweza nambala ya vuto 413 PHP isanaione n'komwe fayiloyo. Mukasintha, yatsaninso pulogalamu yoyendetsa PHP, kaya ndi Apache kapena PHP-FPM, ndipo phpinfo() ikuuzani php.ini imene seva ikuwerengadi, chifukwa mafayilo amenewa amatha kukhala angapo.

Nambala ikakhala 0 koma move_uploaded_file(), imene imasamutsira fayilo mu foda yanu, n'kulephera, nkhani ndi chilolezo cha foda. Pa Ubuntu seva imagwira ntchito ndi dzina la www-data, choncho fodayo ipatseni www-data kuti akhale mwini wake. Chonde musaike 777, chilolezo choti aliyense alembemo, ngakhale wina akuuzeni kuti zimayenda msanga. Kuteroko n'kugona chitseko chili pululu, ndipo m'fodamo muli ziphaso za anthu amene anakukhulupirirani. Muzionanso mtundu wa fayilo iliyonse musanaisunge, kuti munthu asakulowetsereni fayilo ya .php m'malo mwa chithunzi.