Dzina langa bwanji palibe? Za mndandanda wa olandira thandizo la Red Cross

Pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira ntchito yothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, funso lomwe landisowetsa tulo kwambiri ndi lalifupi: "Achimwene, dzina langa bwanji palibe?" Amene ndimawakumbukira kwambiri ndi mayi wina ku Chigwa cha Shire, mwana ali kumbuyo, chitenje chili matope okhaokha, ataima pakhomo la kalasi yomwe inasanduka chogona cha mabanja ambiri. Anzawo anali atalandira zidebe, mabulangete ndi masikito. Iwo anangogwira kapepala konyowa ka kusikelo, umboni wokhawo womwe madzi anawasiyira.

Kuti funso la mayiwa liyankhidwe bwino, tiyambe ndi kudziwa kuti bungwe la Red Cross ndi chiyani, chifukwa ambiri amalisokoneza. Ena amati ndi nthambi ya boma. Ena, poona mtanda, amati ndi la mpingo. Zonsezi sizoona. Chiyambi chake ndi nkhondo ya ku Solferino, ku Italy, mu 1859, komwe wamalonda wina wa ku Switzerland, Henry Dunant, anapeza asilikali zikwizikwi ovulala atangosiyidwa pabwalo. Anasonkhanitsa amayi a m'midzi yoyandikira kuti awasamale osafunsa kuti uyu ndi wa mbali iti. Komiti yoyamba inakhazikitsidwa ku Geneva mu 1863, ndipo chizindikiro chake ndi mbendera ya Switzerland yotembenuzidwa mitundu: mtanda wofiira pansalu yoyera. M'maiko ambiri a Chisilamu amagwiritsa ntchito mwezi wofiira, koma gulu ndi limodzi lomwelo.

Kuno kwathu ntchitoyi inayamba mu 1932 ngati nthambi ya British Red Cross, dziko likadali Nyasaland, ndipo mu 1966 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Malawi Red Cross Society ngati bungwe loima palokha. Lamulo limalipatsa udindo wothandizana ndi boma pa ntchito zachifundo. Mawu oti kuthandizana apa ndi ofunika. Mwini ntchito yotsogolera pa ngozi ndi boma, kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, yomwe chiyambi chake chinali lamulo la mu 1991, chaka chomwe napolo anasesa midzi ku Phalombe. A Red Cross amakhala nawo pa tebulo limodzi, koma nduna kapena phungu sangawauze kuti katundu apite kwa uje chifukwa ndi wa chipani chake.

Tsono mndandanda uja umabadwa chonchi. Madzi akasefukira, oyamba kuwerenga nyumba zogwa si anthu ochokera ku Lilongwe. Ndi komiti yoona za ngozi ya m'mudzi momwemo, pamodzi ndi nyakwawa ndi mavolontiya a Red Cross, omwenso ndi ana a m'mudzimo ndipo nthawi zambiri nyumba zawo zagwanso. Lipoti lawo limakwera kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kwa bwanamkubwa ku khonsolo. Kuchokera kumeneko kumabwera gulu lodzatsimikiza, loyenda khomo ndi khomo ngati njira ilipo.

Apa ndi pomwe pali fupa lokakamira pakhosi. Katundu sakwanira aliyense, ndipo sanakwanirepo. Ndalama za bungweli zimachokera ku thumba la ngozi la chitaganya cha mabungwe a Red Cross padziko lonse, ku mabungwe anzake a maiko monga Denmark ndi Netherlands, ku makampani, ndi kwa inu nomwe mukaponya kangachepe. Zambiri mwa ndalamazi zimabwera zitamangidwa kale: za mabanja akutiakuti, m'boma lakuti, zogulira zakutizakuti. Sungatenge ndalama ya zimbudzi za pamsasa n'kugulira ufa, ngakhale mtima ukukuuza kutero. Choncho pamayenera kukhala muyeso, ndipo muyeso wake ndi umodzi: wavutikitsitsa ndani? Nyumba yogweratu imatsogola pa yong'ambika khoma. Nkhalamba yokhala yokha, banja loyendetsedwa ndi mwana, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, munthu waulumali ndi wodwala matenda a mgonagona amabwera patsogolo. Mpingo, mtundu ndi chipani sizilowa m'masamuwo. Imeneyi ndi imodzi mwa mfundo zisanu ndi ziwiri zomwe gululi linagwirizana ku Vienna mu 1965, ndipo volontiya aliyense amaziphunzira asanavale bibu yofiira ija.

Ndinene poyera kuti pamapepala zimaoneka zoyera kuposa momwe zimakhalira kumudzi. Ndinaonapo mndandanda womwe banja limodzi linagawidwa patatu, bambo payekha, mayi payekha, mwana wamkulu payekha, kuti makadi achuluke. Ndinaonanso maina a anthu a kumtunda, komwe madzi sanafike n'komwe, chifukwa choti ndi akuchimuna kwa wolembayo. Mankhwala ake omwe ndawaona akugwira ntchito ndi akale kwambiri: kuitana mudzi wonse pansi pa mtengo n'kuwerenga maina mokweza, limodzilimodzi. Dzina labodza likatchulidwa, simusowa wofufuza. Amayi amayamba kung'ung'udza kumbuyoko, wina n'kuponya mawu kuti "ameneyo nyumba yake ili chilili," nkhani yatha. Ndi pamsonkhano ngati womwewu pomwe zinadziwika kuti mayi a kapepala ka kusikelo aja anasiyidwa chifukwa tsiku la kalembera anali kuchipatala ndi mwana. Anawalemba.

Ndiye ngati mwasiyidwa, musangobwerera kunyumba mukudandaula chamumtima. Pamalo ogawira pamayenera kukhala tebulo la madandaulo kapena bokosi loponyamo kalata. Ndipo dziwani kuti thandizoli ndi laulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe, kapena mugawane naye katundu, kapena, zomwe zimachitikira amayi ndi atsikana, kuti mugone naye kuti dzina lanu lilowe, ameneyo wapalamula mlandu, kaya wavala bibu ya bungwe liti. Kaneneni.

Masiku ano mudzaona kuti nthawi zambiri anthu akulandira ndalama m'malo mwa katundu, pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Ena amati anthu akamwera mowa. Ine maganizo anga ndi oti, komwe msika ukuyenda, ndalama imalemekeza munthu kuposa thumba. Mwini banja ndiye akudziwa ngati chomwe chikufunika lero ndi ufa, malata, mbewu kapena yunifolomu ya mwana. Koma malo ngati Makhanga ku Nsanje, omwe Ruo ndi Shire zikakwiya amafikika ndi boti kapena helikoputa basi, ndalama siidyeka. Kumeneko pamafunika ufa weniweni.

Chomwe makamera sajambula kawirikawiri ndi ntchito yochitika mvula isanagwe. Pali timitengo topakidwa utoto m'mbali mwa mitsinje, tobiriwira pansi, tachikasu pakati, tofiira pamwamba. Volontiya wa kumtunda akaona madzi afika pofiira, amaimbira foni anzake a kumunsi, ndipo iwo amayenda ndi chimkuzamawu kapena wezulo kuuza anthu kuti athawire kumtunda. Maola ochepa amenewo ndi omwe amapatsa mpata wotulutsa agogo, ana ndi mbuzi. Pali maphunziro a thandizo loyamba m'masukulu ndi m'makampani, kulimbikitsa anthu kupereka magazi, ndiponso kulumikizanitsa abale osowana, monga zimachitikira kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa. Pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022, mavolontiya ankayenda m'makomo kugawa klorini ndi kuphunzitsa kasungunulidwe ka madzi a mchere ndi shuga.

Namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, anationetsa malire a zonsezi. Tinazolowera kuti madzi amavuta ku Nsanje ndi ku Chikwawa, monga zinalili mu Januwale 2015 ndi pa namondwe wa Idai mu 2019. Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, usiku, komanso m'midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 600 anafa, mazana ena sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Mavolontiya anakumba matope ndi makasu limodzi ndi asilikali, apolisi ndi anthu wamba. Mtsinje uli ndi kamtengo kotichenjeza. Phiri lilibe, ndipo mukadutsa ku Soche lero mudzaona kuti m'malo otsetsereka muja mudakali nyumba.