Manyazi pa Chingerezi ndi pa Chitchaina: osamasulira ndi liwu limodzi

Mtsikana woyang'ana pansi pamaso pa apongozi, mayi amene wayiwala dzina la mlendo, ndi bambo amene wagwidwa ndi nkhuku yakuba, onsewa ife timati achita manyazi. Pa Chingerezi ndi pa Chitchaina aliyense mwa atatuwa ali ndi liwu lakelake. Ukasokoneza mawuwo, umanyoza munthu kapena kudzisenzetsa mlandu umene sunapalamule.

Pa Chingerezi, mtsikana uja ndi "shy". Ndi chibadwa chake, sanalakwe kanthu. Mayi uja ndi "embarrassed": kanthu kakang'ono kamuchitikira anthu akuona, ndipo mawa azidzaseka yekha. Bambo wa nkhuku ndiye "ashamed", liwu lolemera limene limanena kuti munthu akudziona wonyansa chifukwa cha zomwe wachita. Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Wofunsira ntchito akanena kuti "I am ashamed to speak in public", pofuna kunena kuti amachita manyazi pagulu, womufunsayo amamva ngati pali chobisika. Anayenera kunena "shy" kapena "nervous".

Palinso "guilty", pamene chikumbumtima chikukuvutitsa pa cholakwa china ngakhale palibe wakuona, ndi "humiliated", pamene wina wakuyalutsa dala. Koma "what a shame" sikudzudzula ayi, ndi kudandaula chabe kuti zalakwika. Amene akhalako ku Johannesburg amadziwa kuti kumeneko "shame" amanenera ngakhale khanda lokongola kapena munthu wodwala, posonyeza chifundo.

Chitchaina chimagawa manyazi mochuluka kuposa apa. Mu 2004, akatswiri ofufuza Jin Li, Lianqin Wang ndi Kurt Fischer adafalitsa kafukufuku wa mawu 113 a Chitchaina okhudza manyazi. Simufunika onsewo, koma ochepa awa musawasokoneze. "Haixiu" ndi manyazi a mwana wobisala kumbuyo kwa amayi ake. "Ganga" ndi pamene zinthu zafika posowa chonena. "Bu hao yisi" mudzalimva kangapo pa tsiku: munthu akachedwa pang'ono, akafuna kudutsa pakati pa anthu, kapena akalandira mphatso. Womasulira akalitembenuza kuti "ndachita manyazi", amalikuza kwambiri; nthawi zambiri ndi "pepani" kapena "zikomo" wodutsira. "Cankui" ndi manyazi a munthu amene sanafike pomwe amayenera kufika, ndipo wina amatha kulinena modzichepetsa akamayamikiridwa.

Mawu olemera kwambiri amazungulira pa nkhope. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Hu Hsien-chin, adafotokoza mu 1944 kuti nkhope zilipo ziwiri. "Mianzi" ndi ulemu umene munthu amaupeza chifukwa cha udindo, chuma kapena kutchuka. Umakwera, umatsika, ndipo ungathe kumupatsa mnzako, mwachitsanzo pomuyamikira pamaso pa anzake. "Lian" ndi chikhulupiriro chimene anthu ali nacho kuti ndiwe munthu wa khalidwe. "Diu lian" ndi kutaya nkhope, kuyaluka. Angerezi adatenga mawu awo akuti "lose face" ku China komweko m'zaka za m'ma 1800.

Chofunika kwambiri kumvetsa n'chakuti m'maphunziro akale a ku China, kukhala ndi manyazi ndi ukoma. Chilembo chakale cha liwu lakuti "chi" (manyazi), 恥, chili ndi khutu kumanzere ndi mtima kumanja. Confucius, mphunzitsi wotchuka wakale wa ku China, ankaphunzitsa kuti anthu olamulidwa ndi zilango zokha amangozemba chilango koma sakhala ndi manyazi, pomwe otsogoleredwa ndi khalidwe ndi mwambo amachita manyazi n'kudzikonza okha. Mencius, wotsatira maphunziro a Confucius, ankati mtima wochita manyazi ndi chiyambi cha chilungamo. Pa Chingerezi cha masiku ano, makamaka kwa alangizi a maganizo, "shame" amaiona ngati bala lofunika kupoletsa. Ife pano tili pafupi ndi Atchaina: kumuuza mwana kuti "ulibe manyazi" ndi kumudzudzula, osati kumuyamikira. Liwu lomweli la "chi" limagwiranso ntchito pa dziko lonse: "guochi" ndi chitonzo cha dziko, ndipo zaka za 1839 mpaka 1949, pamene mayiko akunja ankapondereza China, Atchaina amazikumbukira ndi liwu limeneli.

Kwa womasulira pa malo a ntchito, kaya pomanga msewu kapena m'sitolo, mafunso ndi awa musanasankhe liwu: kodi munthuyu walakwadi, kodi pali amene waona, nanga manyaziwo wadzitengera yekha kapena wachititsidwa? Ngati bwana wa ku China walakwitsa chiwerengero pa msonkhano, mudikire anthu atuluke n'kumuuza pambali, poyamba ndi "bu hao yisi". Ndipo mkangano ukabuka, wina n'kunena kuti "ameneyu alibe manyazi", musathamangire "bu yao lian". Tanthauzo lake ndi "safuna nkhope", ndipo ndi chipongwe chachikulu chimene chimakhudza umunthu wonse wa munthuyo, moti kupepesa kwa mawa sikungachifafanize msanga.