Timabowo ta kumutu kwa bedi sitoseweretsa

Abale anga a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa, mukapita kukazonda odwala ku Parirenyatwa kaya ku Sally Mugabe mumaona timabowo pakhoma kumutu kwa bedi, kena koyera kena kachikasu. Ntchito yanga ndi mapaipi omwe ali kuseri kwa khomalo. Koyerako ndi okosijeni, kachikasuko nkoyamwa makhololo ndi magazi, ndipo pulagi ya kena siingalowe pa kanzake, anachita kupanga dala kuti wodwala asapatsidwe mpweya wolakwika.

Okosijeniyo amachokera panja, mwina mu thanki yaikulu momwe amakhala wamadzimadzi wozizira mpaka -183°C, mwina ku makina osefa mpweya womwe tikupumawu nkutulutsa okosijeni wa 93 peresenti. Makinawo amadya magetsi, nde mukudziwa kale za magetsi a muno mu Harare, akangothima jenereta nkuchedwa kulira, masilinda a okosijeni odikirira aja ayenera kulowa okha popanda munthu kuthamanga, nchifukwa chake m'mawa uliwonse timayang'ana mageji ngati mphamvu ya mpweya mu paipi ili pafupifupi 4 bar, kuyesa alamu, kumvetsera ngati pena pakuti tsiii.

Koma chondisowetsa tulo ine ndi mafuta. Okosijeni payekha sayaka, koma pomwe wachuluka bulangeti, tsitsi, chilichonse chimalilima ngati udzu wa mu Okutobala. Mapaipi athu ndi akopa, otsukidwa mafuta onse, powotcherera timadutsitsa nayitirojeni mkati kuti musatsale mwaye, ngakhale girisi pa sipanala sitilola. Nde Juni wafika, milomo ya agogo yang'aluka ndi chisanu, mdzukulu watulutsa Vaseline mu chikwama nkupaka pomwe padutsa timachubu ta m'mphuno. Nchikondi inde, koma chonde ayi, funsani anesi zopaka zopanda mafuta. Fodya ndi machesi nde osayerekeza. Ku Baghdad mu Epulo 2021 moto wa masilinda a okosijeni unapha anthu oposa 80 mu chipatala cha odwala Covid-19.

China, kabotolo koyezera okosijeni kokhala ndi kampira koyandama kaja musapotokole ati kuwaonjezera mpweya amalume, mlingo analemba ndi adokotala ndipo ena a matenda a m'mapapo wochuluka amawapweteka. Alamu ikalira itanani anesi basi. Kabokosi ka galasi ka mu kolido kaja muli valavu yotseka mpweya wa wodi yonse, musayedzamirepo kapena kuunjikapo zikwama ndi mafulasiki a tiyi, moto ukabuka anesi amayamba kuthamangira pamenepo.