Njinga idzadutsa, nanga inu mudzamwa chiyani?

Pa ntchito yanga yokonza njinga ndi kuperekeza okwera maulendo ataliatali, funso limene limabwera kawirikawiri namondwe akangodutsa ndi lakuti, "Kodi msewu watseguka?" Ine ndimayankha kuti msewu ndi nkhani yaing'ono. Njinga ya kapalasa siisowa msewu wabwino. Mlatho ukakokoloka, malole amaima pamzere masiku angapo, koma wa njinga amangoinyamula paphewa, n'kukwera bwato, n'kupitiriza kutsidya. Chimenechi ndicho chimapusitsa anthu kuti anyamuke nthawi isanakwane.

Titenge gombe la Mozambique, poti ndilo nyanja yamchere imene ambirife timaifikira. Wochokera ku Mulanje amatulukira pa Muloza, kulowa Milange, kutsetsereka mpaka Mocuba, kenako Nicoadala, n'kukafika ku Quelimane, mzinda umene akabaza ake ndi ochuluka moti aife a ku Salima tingachite manyazi. Kumeneko n'kumene Freddy anatulukira kumtunda kachiwiri pa 11 March 2023, asanadzagwetse matope a m'phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe. Kummwera kwake kuli Beira, kumene Idai anaomba usiku wa pa 14 March 2019, mitsinje ya Buzi ndi Pungwe n'kusefukira mpaka kudula msewu wa EN6. Mizinda iwiri yonseyi, mphepo itatha, kunabuka kolera. Ku Beira ndi maboma oyandikana nawo anachita kupereka katemera kwa anthu oposa 800,000.

Ndiye tiyambe ndi madzi. Munthu wopalasa makilomita 80 pa tsiku m'chifundizi cha kunyanja amamwa malita asanu kapena kuposa, osawerengera ophikira. Masiku abwino simunyamula onsewo, mumangodzaza mabotolo pa mjigo uliwonse. Namondwe akadutsa, dongosolo limeneli limatha. Zimbudzi zimagumukira m'zitsime, ndipo kufupi ndi gombe madzi a m'nyanja amene mphepo inakankhira kumtunda amalowa pansi, chitsime n'kukhala chamchere miyezi. Mankhwala a kolorini, amene kuno timawadziwa ngati WaterGuard ndipo ku Mozambique amagulitsidwa ngati Certeza, amapha tizilombo akathiridwa m'madzi oyera n'kudikira mphindi 30. Koma sachotsa mchere, ndipo m'madzi amatope sagwira bwino, muyenera kuyamba mwasefa ndi nsalu n'kuwasiya adikhe. Kuwiritsa kumafuna nkhuni zouma, zimene pa nthawiyo sizipezeka.

Palinso mbali ina imene okwera sakonda kuimva. Chidebe cha madzi abwino chimene mayi wakupatsani mwaulemu pamudzi n'chomwecho chimene anachiimira pamzere kuyambira m'mamawa. Anthu a kumeneko samana mlendo, ngati ife tomwe. Mukafika mudzi umene nkhokwe zake zinapita ndi madzi, adzakuphikirani ndithu, koma ufawo ndi wa chithandizo, wowerengeredwa pa mitu ya ana. Mwa ine ndekha, ngati misika ya m'njira siinayambenso kugulitsa mpunga, buledi ndi nsomba, ulendo sunakwane.

Tsopano njingayo. Mdani woyamba ndi msomali wa malata. Denga likasasuka limamwaza misomali paliponse, ndipo yambiri imakwiririka mu mchenga m'mphepete mwa tala, momwe mumathawiramo galimoto ikabwera. Mnyamata wina amene ndinayenda naye anaponcha kanayi tsiku limodzi, zigamba n'kumuthera, tinamaliza ndi kudula chubu chakale n'kumamatira. Nyamulani machubu awiri kapena atatu, zigamba zambiri, guluu wosatsegula, ndi kachidutswa ka tayala lakale kotsekera mkati ngati lata lang'amba tayala m'mbali.

Mdani wachiwiri saoneka tsiku lomwelo. Mukaoloka madzi ofika pa habu, chitsulo cha pakati pa gudumu, madziwo amalowa m'mabelingi n'kusungunula girisi, matope ndi mchenga n'kutsalira momwemo. Patapita masiku atatu mumamva gudumu likukukuta ngati mphero. Ndinatsegulapo habu ya njinga yochokera kugombe: m'malo mwa girisi munali phala lofiira la dzimbiri, timipira tachitsulo titakumbika ngati chimanga chofumbwa. Mcherewo umadyanso tcheni ndi mitu ya masipoko. Choncho njinga inyamuleni pooloka, musaikankhe m'madzi. Ikanyowa ndi amchere, itsukeni ndi madzi wamba madzulo omwewo, pukutani tcheni, kenako thirani oilo pang'ono. Wambiri amangoitana mchenga.

Za kuoloka komweko, madzi oyenda ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, makamaka atasenza katundu, ndipo pansi pa madzi odikha pamsewu pakhoza kukhala phompho pomwe panali kalavati. Chigwa cha Zambezi ndi cha ng'ona, ndipo madzi akasefukira zimapezeka malo amene sizikhala. Onani pomwe eni dera akuolokera, mulipire wa bwato.

Udzudzu umachuluka patatha milungu ingapo, madzi akakhazikika m'zithaphwi, choncho neti ndi mankhwala oteteza malungo si zosiya. Foni musaidalire kwambiri: magetsi ndi netiweki zimachedwa kubwerera, ndipo ndalama za pafoni sizigwira ntchito popanda zimenezi. Khalani ndi meticais, ndalama ya ku Mozambique, ya m'manja, yosinthasintha.

Nyengo ya anamondwe m'nyanja imeneyi imayambira November mpaka April. Amene amandifunsa, ndimawauza kuti adikire June kapena July, kukazizira, mitsinje itaphwa. Ngakhale pamenepo yembekezerani kupeza milatho ya kanthawi ndi nyumba zogona alendo zina zisanafoleredwe. Ndipo musananyamuke m'tauni iliyonse, pitani pomwe pamaima akabaza mukawafunse kuti mjigo wotsatira umene ukutulutsa madzi abwino uli pamudzi uti.