Tivoli Gardens: Sabata imene boma la Jamaica linachenjeza munthu amene linkafuna kumugwira

Mu Novembala 2024 khothi lalikulu la ku Kingston, likulu la Jamaica, linamasula asilikali atatu amene ankayankha mlandu wopha bambo wina wogwira ntchito yowerengera ndalama. Bamboyo anawomberedwa zipolopolo zoposa 20 m'nyumba mwake momwe, usiku wa pa 27 Meyi 2010, mkazi wake ndi mwana wake wamkazi ali m'nyumbamo. Asilikaliwo ankasaka Christopher Coke, mkulu wa zigawenga wodziwika ndi dzina loti Dudus, koma m'nyumbamo munalibe Dudus. Chigamulochi chinatosa chilonda chimene anthu a ku Jamaica amachikumbukira Meyi aliyense. Ngati mlandu wa munthu wa kubanja lodziwika, wokhala kumapiri kumene kumakhala opeza bwino, unatenga zaka 14 n'kuthera m'malere, nanga anthu pafupifupi 70 amene anafa sabata yomweyo kumadzulo kwa mzindawu, ku Tivoli Gardens ndi madera oyandikana nako, angayembekezere chiyani?

Tivoli Gardens si dera limene linangomera lokha. Pamalopo panali zisakasa zotchedwa Back-O-Wall, kopanda madzi a m'mipopi ndi zimbudzi zokwanira, kumene kunkakhala amphawi ambiri kuphatikizapo a Chirasta. Jamaica atalandira ufulu mu 1962, phungu wachinyamata wa derali, a Edward Seaga a chipani cha Jamaica Labour Party (JLP), amenenso anali nduna ya zachitukuko, anagwetsa zisakasazo ndi mathalakitala kuyambira 1963 n'kumangapo nyumba za simenti. Panabwera sukulu, chipatala cha amayi oyembekezera, holo, gulu la zovina ndi timu ya mpira. A Seaga mpaka imfa yawo mu 2019 ankanena kuti anamanga chitsanzo cha mmene mphawi angatukulidwire, ndipo ambiri mwa okalamba a ku Tivoli amavomereza. Otsutsa amafunsa funso limodzi lokha, lakuti makiyi a nyumbazo anapatsidwa kwa ndani. Ambiri mwa amene anathamangitsidwa sanabwererenso, ndipo amene analowamo anali otsatira JLP. A Seaga anakhala phungu wa West Kingston zaka 43.

Chipani cha People's National Party (PNP) chitalowa m'boma mu 1972 motsogozedwa ndi a Michael Manley, chinachita zomwezo ku Arnett Gardens, pafupi pomwepo. Madera oterewa amatchedwa garrison: nyumba, ntchito za boma ndi chitetezo zimadzera kuchipani chimodzi, wachipani china sangagonemo, ndipo pa chisankho mavoti onse amapita kumodzi, nthawi zina kuposa chiwerengero cha olembetsa. Woonetsetsa kuti zimenezi zikuyenda ankakhala mkulu wa anyamata amfuti, amene kumeneko amati don. Komiti imene boma linakhazikitsa, yotsogozedwa ndi woweruza James Kerr, inafotokoza zonsezi mosabisa mu 1997, n'kuloza zipani zonse ziwiri. Aliyense amene amaiona nkhaniyi ngati tchimo la JLP yokha, kapena la PNP yokha, ndiye kuti ali ndi mbali.

Zaka za m'ma 1970 zinali za magazi. Mu Epulo 1978 Bob Marley anagwiranitsa manja a Manley ndi a Seaga pa nsanja, pa chionetsero cha mtendere chimene anakonza akuluakulu a zigawenga a mbali ziwirizi, Claudius Massop wa ku Tivoli ndi Bucky Marshall wa PNP. Pofika 1980 Massop ndi Marshall onse awiri anali ataphedwa, ndipo chaka chimenecho, cha chisankho chimene a Seaga anapambana, anthu oposa 800 anaphedwa m'dzikomo.

Chimene chinasintha zinthu pambuyo pake ndi kokeni. Jamaica ali pa njira yochokera ku Colombia kupita ku America, ndipo anyamata amene anaphunzira mfuti pa ndale anasamukira ku Miami ndi New York. Gulu la ku Tivoli, Shower Posse, linkatsogozedwa ndi Lester Lloyd Coke, wotchuka ndi dzina loti Jim Brown, pamodzi ndi Vivian Blake, ndipo akuluakulu a ku America analiloza chala pa imfa zoposa 1,000. Kale don ankadya m'manja mwa phungu. Tsopano anali ndi madola akeake, ndipo phungu ndi amene anayamba kumusowa. Jim Brown anapsa ndi moto m'chipinda chake cha kundende ku Kingston mu Febuluwale 1992, akudikira kutumizidwa ku America. Chimene chinayatsa motowo sichinafotokozedwe mokhutiritsa mpaka lero, ndipo mphekesera yakuti anatsekedwa pakamwa asanaulule za akuluakulu sinafe, ngakhale palibe umboni umene unaperekedwa pakhothi. A Seaga anali nawo pa maliro ake.

Mwana wake Dudus, wobadwa mu 1969, anatenga mpando. Sankakonda kuonekera ngati bambo ake. Ku Tivoli ankangomutchula kuti President. Ankalipirira ana fizi, kugulira okalamba mankhwala, kulamula kuti ana asapezeke mumsewu usiku, ndipo wakuba kapena wogwirira mkazi m'deramo ankaweruzidwa ndi anyamata ake, chilango chake kumenyedwa, kuthyoledwa manja kapena kuphedwa kumene. Ogulitsa malonda ku Coronation Market ndi m'tauni ankapereka ya chitetezo. Kampani yake ya zomangamanga, Incomparable Enterprise, inkapata makontirakiti a boma. Mu 1994 a Seaga anapereka kwa apolisi mayina 13 a anthu amene anati akusokoneza dera lawo, la Dudus lili pomwepo, koma palibe chinachitika. Mu Julayi 2001 apolisi ndi asilikali analowa ku West Kingston, anthu 27 n'kufa, Dudus osakhudzidwa. Anthu a ku Tivoli anaphunzirapo kuti boma likabwera limabwera ndi mfuti, likachoka amatsala ndi President.

A Bruce Golding ndi amene amadabwitsa m'nkhaniyi. Anatuluka mu JLP mu 1995 akudzudzula ndale za garrison zomwezi, n'kuyambitsa chipani chawo. Anabwerera mu 2002, ndipo a Seaga atapuma mu 2005 anatenga utsogoleri wa chipani pamodzi ndi mpando wa West Kingston. Mu 2007 anakhala nduna yaikulu. Choncho pamene America inapempha mu Ogasiti 2009 kuti Dudus atumizidwe ku New York kukayankha milandu yozembetsa chamba, kokeni ndi mfuti, pempholo linafika kwa phungu wa Dudus yemweyo.

Boma linakana kwa miyezi 9. Chifukwa chimene linkapereka n'chakuti umboni wa mafoni amene anatcheredwa unaperekedwa ku America mophwanya malamulo a Jamaica. Mfundoyi si yopanda mutu, ndipo maloya ena anaiikira kumbuyo. Chovuta n'chakuti anthu ena ambiri anali atatumizidwapo ku America popanda boma kulimba mtima chonchi. Mu Malichi 2010 a Peter Phillips a PNP anafunsa m'nyumba ya malamulo za kampani ya maloya ya ku America, Manatt, Phelps & Phillips, imene inalembedwa ntchito yokanyengerera akuluakulu a ku Washington pa nkhaniyi. A Golding anakana kuti boma linalemba kampaniyo. Pa 11 Meyi anavomera kuti anavomereza okha zimenezo, koma ngati mtsogoleri wa chipani, osati ngati nduna yaikulu. Ndalama zimene zinalipidwa zinali pafupifupi madola 50,000 a ku America. Mipingo, amalonda ndi mabungwe anawauza kuti atule pansi udindo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Usiku wa Lolemba pa 17 Meyi, a Golding anaonekera pa wailesi yakanema, anapepesa mtundu, n'kulengeza kuti nduna ya zachilungamo, mayi Dorothy Lightbourne, asayina chikalata cholola kuti ntchito yotumiza Dudus iyambe. Kulengezako kunapulumutsa mpando wawo. Kunauzanso munthu wokhala ndi mfuti zambiri zedi kuti akubwera kudzamugwira, chikalata chomumangira chisanatuluke n'komwe. Chinatuluka mawa lake. Asilikali analowa patapita sabata yathunthu.

M'sabata imeneyo misewu yolowera ku Tivoli inatsekedwa ndi magalimoto akutha, mafiriji, matumba a mchenga ndi waya waminga. Asilikali anati m'zotchingazo munali masilinda a gasi ndi mabomba opanga pamanja, ndipo waya wina analumikizidwa ku magetsi. Anyamata amfuti anabwera kuchokera m'madera ena, ena mwa iwo a mbali ya PNP, umboni wakuti ndalama za kokeni zinali zitaposa kale mtundu wa malaya a chipani. Lachinayi pa 20 Meyi amayi mazanamazana ovala zoyera anaguba m'tauni atanyamula zikwangwani, china chonena kuti Yesu anawafera ndipo iwo afera Dudus. Chithunzi chimenecho chinazungulira dziko lonse, ndipo ndikuona kuti chinawapweteka anthu a ku Tivoli kuposa china chilichonse, chifukwa kuyambira tsikulo ambiri ku Jamaica anaganiza kuti dera lonselo lasankha lokha tsoka lake. Kuti ndi angati anaguba mwa kufuna kwawo, angati chifukwa m'dera la don sukana ukaitanidwa, chithunzi sichinena. Boma linatumiza mabasi oti anthu atuluke, koma anakwera ndi ochepa kwambiri. Ena anati ankaopa kusiya katundu, ena anati wotuluka akanaoneka kazitape.

Lamlungu pa 23 Meyi zigawenga zinaukira mapolisi angapo n'kutentha ya Hannah Town. Usiku womwewo apolisi awiri anaphedwa pa Mountain View Avenue. Izi zinachitikadi, ndipo wofuna kunena kuti boma linalowa m'dera la anthu osalakwa okhaokha ayenera kuyamba wazifotokoza. Boma linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti ku Kingston ndi St Andrew. Lolemba pa 24, tsiku la tchuthi, asilikali pafupifupi 800 ndi apolisi oposa 300 analowa.

Kumenyana kwenikweni kunatenga maola angapo, msilikali mmodzi n'kufa. Mkangano uli pa zimene zinachitika kuwomberanako kutazizira, madzulo a tsikulo ndi mawa lake, pamene ankalowa nyumba ndi nyumba. Mboni zambiri zinafotokoza nkhani yofanana: anyamata kutulutsidwa m'nyumba ali moyo, manja m'mwamba, amayi awo akuona, kenaka n'kudzapezeka ali mitembo. Amuna mazanamazana anatengedwa n'kukasungidwa ku National Arena, ndipo pafupifupi onse anamasulidwa popanda mlandu. Mitembo ina inawola isanapimidwe. Mfuti zimene zinapezeka m'masiku oyambirira zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu akufa, ngakhale zina zambiri zinadzapezeka pambuyo pake. Dudus anali atathawa kale. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kuno anadya ndi akuluakulu, opotedwa n'kukhala ana.

Ngakhale chiwerengero cha akufa sichigwirizana. Poyamba kunanenedwa 73. Mkulu woteteza ufulu wa anthu, a Earl Witter, analemba mu 2013 kuti anthu wamba anali 76, ndipo kuti 44 mwa iwo mwina anaphedwa mwadala atagwidwa kale. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Sir David Simmons, amene anakhalapo mkulu wa oweruza ku Barbados, linapeza 69 mu lipoti lake la mu 2016. Lipoti la a Simmons ndi lolemera kwambiri chifukwa mboni zinalumbira ndi kufunsidwa ndi maloya a mbali zonse, koma linabwera mochedwa, zaka 6 zitadutsa, umboni wa zipolopolo utasokonekera. Komabe linapeza kuti pali umboni wakuti anthu ena anaphedwa mopanda chilungamo.

Mawu a boma pa nkhaniyi ayenera kumvedwa mosamala, chifukwa kawiri konse linakana chinthu chimene linadzavomera. Anthu a ku Tivoli ankanena kuti anaponyeredwa mabomba, asilikali n'kumakana, mpaka zinadziwika kuti anaponyadi mabomba a mtundu wa mortar okwana 37. Iwo anati ankaponya pamalo opanda anthu pofuna kusokoneza zigawenga ndi kuti amayi ndi ana akhale m'nyumba, koma bungwe la a Simmons linadzudzula kuponya zida zotere pakati pa nyumba za anthu. Anthu ankanenanso za ndege imene inkazungulira kumwamba. Boma linakana kuti America inathandizapo, mpaka mtolankhani Mattathias Schwartz wa magazini ya The New Yorker anatulutsa umboni mu 2011 wakuti inali ndege ya boma la America yojambula zochitika pansi.

Dudus anagwidwa pa 22 Juni pa rodibuloko ya pa Mandela Highway, atavala wigi, ali m'galimoto ya m'busa Al Miller, amene anati ankamuperekeza ku ofesi ya kazembe wa America kuti akadzipereke. Sanalimbane nazo zotumizidwa, ndipo anthu ambiri anakumbukira mmene bambo ake anafera akudikira ulendo womwewo. Ku New York anavomera milandu mu Ogasiti 2011, ndipo mu Juni 2012 anagamulidwa zaka 23. Chifukwa anavomera, sipanakhale kuzenga mlandu kumene kukanatulutsa mayina a andale. A Golding anatula pansi udindo mu Okutobala 2011, ndipo JLP inagonja pa chisankho cha Disembala chaka chomwecho.

Oikira kumbuyo zimene asilikali anachita ali ndi mfundo imodzi yolimba. Mu 2009 ku Jamaica kunaphedwa anthu oposa 1,600, ndipo mu 2011 chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 1,100. Koma pofika 2017 chinali chitadutsanso 1,600, ndipo ku West Kingston timagulu ting'onoting'ono tinayamba kulimbirana malo amene President anasiya. Chaka chomwecho apolisi anadzifufuza okha n'kupeza kuti akuluakulu awo amene lipoti la a Simmons linawatchula sanalakwe. Mu Disembala 2017 nduna yaikulu a Andrew Holness anapepesa m'nyumba ya malamulo, ndipo boma linaika padera madola 200 miliyoni a ku Jamaica a chipukuta misozi. Lipoti la a Simmons linalangizanso kuti ndale za garrison zithetsedwe. Mpando wa West Kingston udakali m'manja mwa JLP, ndipo a Desmond McKenzie, amene analowa m'malo mwa a Golding mu 2011, akhala akupambana ndi mavoti ochuluka zedi pa chisankho chilichonse.